Mkate wa pa Manda a Gerevazio

Ana inu, ikani mafoniwo pansi. Iwe Mabvuto, ndakuona, wabisa yako pansi pa ntchafu ngati nkhuku yofungatira mazira. Mukufuna kudziwa chimene ndinapsera mtima dzulo pamene Tiyanjane anandionetsa kapepala kotsatsa ulendo wokaona mayiko, kolonjeza kuti m'masiku khumi mudzaona chikhalidwe chonse cha anthu. Chikhalidwe chonse m'masiku khumi! Ine ulendo woterowo ndinauyendapo.

Ndiyambe ndi munthu amene inu simunamuone. Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono, dzina lake Gerevazio. Anali wakuthwa pa masamu koma waulesi pa khasu, ndiye boma mwa nzeru zake linamutumiza kukaphunzira za ulimi. Masiku amenewo ana ambiri a kuno ankapita kusukulu ku dziko lalikulu la Soviet. Iye anamuponya ku chigawo chotchedwa Moldova, mumzinda wa Kishinev. Makalata ake ankabwera m'timaenvulopu topepuka, ndipo ankatenga milungu isanu ndi umodzi panjira. Inu uthenga ukachedwa mphindi imodzi mumagwedeza foni ngati mukupeta. Ankalemba kuti kumeneko amalima chimanga, fodya ndi mpendadzuwa ngati kwathu ku Kasenengwa, kungoti nthaka yake ndi yakuda bii, ndipo chisanu chake chimaluma mafupa.

Chaka chachitatu makalata analeka. Kenaka kunabwera ina yotaipa, ya mizere isanu. Inati Gerevazio anadwala chibayo, anamwalira m'chipatala, anaikidwa komweko, ndipo inatchula dzina la manda, gawo lake ndi mzere wake. Basi.

Tinalira maliro opanda mtembo. Kwaya inaimba, anthu anasonkhana masiku awiri, koma panalibe choti tinyamule. Ndiye pakamwa pa anthu panatseguka. Ena ankati sanafe, wakwatira mzungu. Ena ankati azungu amawotcha mitembo ya alendo. Ena ankati anamutaya m'dzenje limodzi ndi anthu osadziwika. Amama, agogo a makolo anu, kalata ija anaipinda n'kuisunga m'buku lawo la mapemphero. Koma kwa zaka zoposa khumi, nthawi iliyonse ndikapita kumudzi, ankandifunsa funso limodzi lomwelo: "Felisita, iwe wodziwa nkhani za dziko lonse, kodi mwana wanga anamuika ngati munthu?"

Ine nthawiyo ndinali mtolankhani, woimira nyuzipepala ina ya ku Lusaka kuno ku Chipata. Ndinkalemba pa makina otaipira amene chilembo chake cha "e" chinkakanirira, ndipo nkhani yofulumira ndinkaiwerenga pa foni ya ku positi, ndikukuwa ngati ndikuitana ng'ombe. Ndinkadziwa mtengo wa thonje ku msika uliwonse, ndinkadziwa milatho imene inakokoloka. Koma funso la Amama ndinalibe yankho lake.

Mkatikati mwa zaka za m'ma 1990, dziko lalikulu lija litagawanika, kampani ina yoyendetsa alendo inaitana atolankhani a m'mayiko osiyanasiyana kuti akaone mayiko atsopanowo ndi kuwalemba bwino. Belarus, Ukraine, Moldova. Kalata yoitana itafika ku likulu, amuna onse a mu ofesi anaikana. Akanakhala London bwenzi atamenyanirana mpaka kung'amba mataye. Ine nditamva dzina la Moldova ndinakwera basi m'mawa mwake. Ulendo wa ku Lusaka nthawi imeneyo unali wa tsiku lathunthu, maenje okhaokha, nkhuku pansi pa mipando, ndipo pa mlatho wa Luangwa unkatsika miyendo itafa dzanzi. Ndinakaima pa khomo la mkonzi mpaka anandipatsa malowo kuti ndimuchokere.

Ndisananyamuke ndinapita kukatsazika. Amama anali atayamba kale kufooka, miyendo ikutupa. Anatulutsa kalata ija n'kundipatsa. "Usakandibweretsere nsalu kapena sopo," anatero. "Ukaone ndi maso ako, udzandiuze zoona. Ndisafe ndikungoganizira."

Tinali alendo khumi ndi anayi, wakuda ndinali ndekha. Wotiyendetsa anali Bambo Vikita, munthu wamtali wowonda amene kale anali mphunzitsi. Ankayenda patsogolo atakweza ambulera yopinda ngati ndodo ya bishopu, ndipo pa khomo la basi ankatiwerenga ngati mbuzi zolowa m'khola. Anali ndi pepala limodzi lotchedwa pulogalamu, ndipo ankalilemekeza kuposa mmene ife timalemekezera Malamulo Khumi.

Tinaona zambiri, ndisaname. Ndinawerenga nyumba zosungiramo zinthu zakale zisanu ndi ziwiri. Tinaona matchalitchi a madenga onyezimira ngati golide. Tinaona mabwalo amene pakati pake panatsala mwala wopanda chiboliboli, mwini wake atagwetsedwa. Ku Belarus anatitengera ku kanyumba ka mitengo kumene amayi ovala zopetapeta anatilandira ndi mkate ndi mchere, akuimba. Anzanga anajambula mpaka mafilimu anatha. Ine, pofuna chimbudzi, ndinazungulira kuseri, ndipo ndinapeza awiri mwa amayi aja akuvula zopeta zija, mkati avala mabuluku, wina akusuta. Mmodzi ndinamuzindikira. Ndi yemwe uja anatipatsa makiyi ku hotela dzulo lake.

Sindikuwanena amayiwo, ana inu. Munthu amagwira ntchito imene yapezeka. Ngakhale kuno, ndaonapo alendo ku Mtenguleni nthawi ya mwambo wa Nc'wala akujambula zikopa ndi zishango, n'kubwerera kwawo akuganiza kuti atidziwa. Chimene chinkandipweteka ndi chakuti zenizeni zinali pawindo la basi, ndipo tinkazidutsa. Kunja kwa siteshoni ya sitima ku Ukraine kunali mzere wa amayi okalamba, aliyense atagwira chinthu chimodzi cha m'nyumba mwake: nsapato, makapu awiri, wotchi ya pakhoma. Ndinatulutsa kabuku kanga.

"Madamu, zimenezo musalembe," anatero Bambo Vikita. "Sizili pa pulogalamu."

M'mawa uliwonse ndinkamuonetsa kalata ya Amama. M'mawa uliwonse ankati tidzaona. Titalowa mu Moldova ndinamupanikiza pa chakudya cham'mawa, ndipo anandiyankha mawu amene sindidzawaiwala.

"Madamu, uno ndi ulendo wa chikhalidwe. Manda si chikhalidwe."

Manda si chikhalidwe! Munthu wophunzira, wa imvi zake! Ndinameza tiyi wanga mwakachetechete, chifukwa ndikanayankha bwenzi atandithamangitsa m'dzikomo.

Tsiku lomaliza linali Lolemba, patatha sabata chichitikireni Pasaka wawo, amene amabwera mochedwerapo kuposa wathu. Pulogalamu inati tikaone mapanga osungiramo vinyo, kenaka ku bwalo la ndege. Onse atalowa m'basi, ine ndinamanga chitenje changa m'chiuno n'kukhala pansi pa sitepe ya khomo, miyendo nditatambasula, monga amachitira amayi a kwathu akakana kuchoka pa bwalo la milandu.

"Madamu, tachedwa."

"Ine sindinachedwe, Bambo Vikita. Ndafika."

"Basi singayende chitseko chili chotsegula."

"Ndiye isayende. Ndadutsa nyanja kudzaona mlongo wanga, osati migolo."

Mtolankhani wina wonenepa wa ku Jeremani anaseka, n'kunena kuti iye migolo waiona yambiri, basi ipite nane kumandako. Ena anavomera. Bambo Vikita anatuluka thukuta ngakhale kunali kozizira.

"Tsiku lina lililonse ndikanakutengani," anatero chapansipansi. "Koma lero ayi."

"Lero kuli chiyani?"

Anayang'ana wotchi. "Mphindi makumi anayi. Mulowa nokha. Enawa akhala m'basi."

Tsono apa mvetserani, chifukwa inu ana a m'tauni manda mumawadziwa ngati malo oimikapo magalimoto ndi kujambulana. Mmene tinakulira ife, kumanda sikunali kolowa wamba. Unkalowako pa maliro, kapena pa tsiku lolambula limene akuluakulu alengeza. Sunkaloza chala. Pobwerako unkasamba m'manja usanalowe m'nyumba. Ngakhale ife Akatolika, popita kukadalitsa manda mwezi wa Novembala, tinkanyamula korona ndi madzi odalitsidwa, osati mbale. Odyera kumanda anali okumba dzenje okha, chifukwa cha ntchito yawo. Wina aliyense wopezeka akutafuna pamanda, dzina lake linali limodzi, ndipo mukulidziwa.

Ndiye ganizani mmene ndinamvera nditalowa pa geti. Ndinkayembekeza bata. Ndinapeza anthu ngati pa msika wa Loweruka. Mabanja athunthu, ana akuthamanga pakati pa mitanda, wansembe wa ndevu akuyenda ndi chofukizira, ndipo pa manda aliwonse atayala nsalu. Pansalupo mikate, nyama, mabotolo, ndi mazira opakidwa utoto wofiira ngati magazi. Anthu akudya. Akumwa. Ena akuseka, ena akulira ali ndi chakudya m'kamwa.

Ndinayenda ndikuonetsa kalata kwa anthu, iwo akundilozera njira. Zinanditengera mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Dzina linalembedwa m'zilembo zawo zimene sindinkatha kuwerenga, koma pa mtanda panali kachithunzi kozungulira, ndipo anali iye. Gerevazio, makutu ake aja otambasuka, tayi itapendekeka. Mtandawo unali wachitsulo, utoto wake wobiriwira wongopaka kumene. Panalibe udzu ndi umodzi womwe. Panali maluwa obzala.

Zonsezo ndinaziona, ana inu, ine wodzitama ndi maso. Koma sindinaziganizire, chifukwa pamwamba pa mlongo wanga panali nsalu yoyera, mikate, mazira ofiira aja, ndipo pambali panakhala mayi wokalamba wamfupi, wa duku lakuda, akutafuna.

Atandiona anasiya kutafuna. Anayang'ana ine, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso ine. Anadzuka akuyankhula mofulumira, misozi ikutsika. Anatola mkate wozungulira woboola pakati, anaikapo kandulo ndi kansalu, n'kunditambasulira modutsa pamwamba pa manda.

Ine ndinakuwa m'Chinyanja, chifukwa Chizungu chonse chinathawa. "Mfiti iwe! Mwana wa eni ake unamusandutsa tebulo? Ulibe manda a kwanu?" Ndinamenya dzanja lake. Mkate unagwera m'dothi.

Mayi uja sanakwiye. Anawerama movutikira, anatola mkatewo, anaupukuta dothi, n'kuupsompsona. Pamenepo m'pamene ndinamva mpweya wa munthu wothamanga kumbuyo kwanga. Anali Bambo Vikita ndi ambulera yake, atabwera kudzandiuza kuti nthawi ikutha.

"Afunseni," ndinatero. "Afunseni akuchita chiyani pa mlongo wanga."

Mayiyo anayankhula, iye akumasulira maso ali pansi. Anati ankagwira ntchito yolondera pa khomo la nyumba yogona ana a sukulu. Gerevazio ankamutcha amama. Chisanu choyamba anamulukira masokosi, chifukwa anafika ndi nsapato za nsalu. Atadwala, ndiye ankamupititsira msuzi kuchipatala. Atamwalira, anzake anamaliza sukulu n'kubwerera kwawo, ndipo manda anatsala opanda mwini. Mwamuna wake wa mayiyo anagona mizere iwiri kuchokera pamenepo, ndiye anangoti asamale onse awiri.

"Nanga kudyaku?" ndinafunsa, mawu atayamba kuchepa.

"Lero ndi tsiku lochezera akufa," anatero Bambo Vikita. "Kamodzi pachaka, ukatha Pasaka. Aliyense amabwera kudzadya ndi abale ake, kuti asakhale okha pa chikondwerero. Manda amene palibe wodyerapo ndi manda a munthu wotayidwa. Ndipo chimene wapatsa mlendo modutsa pamanda, amati chimafika kwa wakufayo." Anamvetseranso mayi uja. "Akuti zaka zonsezi amapatsa anthu odutsa. Amapempha Mulungu kuti tsiku lina adzapatse wa kwawo kwa mnyamatayu."

Mukuseka chiyani, Mabvuto? Palibe choseketsa. Ndinagwada pa dothi lonyowa, ndinawomba m'manja monga timathokozera kwathu, ndinapepesa m'zilankhulo ziwiri zimene iye sankamva. Anandigwira mutu. Kenaka anatolanso mkate uja, ananyema kachidutswa, n'kundipatsa, akudikira kuti ndidye.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinadya. Nkhani ikanakoma. Koma ine sindinalembepo bodza m'nyuzipepala, sindiyamba lero. Dzanja linalandira, pakamwa panakana. Zaka makumi anayi za kuleredwa kwathu zinandimanga ngati chingwe. Ndinayang'ana mkate, ndinayang'ana mtanda, ndipo sindinathe. Kutali basi inayamba kuliza hutala. Ndinabwezera kachidutswako pansalu, ndinaimirira, ndinachoka. Nditacheuka, anali ataima pomwepo, manja ali lende.

M'basi ndinamutembenukira Bambo Vikita pamaso pa onse.

"Munkadziwa. Bwanji simunandiuze pa geti? Mawu awiri okha!"

"Ndinachita manyazi, Madamu. Alendo akaona zimenezi amakalemba kuti ndife osauka oledzera kumanda."

"Ndiye munatipatsa mayi wa makiyi wovala zopeta? Masiku khumi mwatiyendetsa m'nyumba za zinthu zakufa, chinthu chimodzi chamoyo chimene muli nacho mwachibisa ngati chilonda. Mwandichititsa kutukwana munthu amene anasamala mlongo wanga!"

Anatiwerenga, tinakwana khumi ndi anayi, basi inanyamuka. Mapanga a vinyo tinawaonabe. Ndinalemba kutalika kwake, kuzizira kwake, kukula kwa migolo. Taonani uchitsiru wa ntchito yathu.

Ndinafika ku Kasenengwa mwezi wa Meyi, anthu akutola thonje. Amama ndinawapeza pakhonde, miyendo ataitambasula pamphasa, akuswa nsawa m'lichero. Njira yonse ndinkakonza zoti ndinene. Ndinaganiza zotchula mtanda ndi maluwa basi, zodyazo ndizisiye. Mtima wawo unali wofooka, ndipo ndinkaopa kuti mawu akuti anthu amadyera pa mwana wawo angawamalize.

"Wamuona?" anafunsa, moni tisanamalize.

"Ndamuona, Amama. Ali ndi manda akeake. Mtanda wachitsulo, chithunzi chake, maluwa."

"Udzu?"

"Palibe."

"Zaka zonsezi palibe udzu? Amalambula ndani?"

Amama sanapite kusukulu, koma mkonzi aliyense amene ndinagwira naye ntchito anali mwana kwa iwo. Ankadziwa pamene nkhani yadumphidwa. Ndinayamba ndi mayi uja, masokosi, msuzi. Anandiyang'anitsitsa. "Pitiriza. Pali chimene ukuzungulira ngati galu pa nungu." Ndiye ndinanena zonse. Nsalu, mazira ofiira, mawu amene ndinakuwa, mkate m'dothi, ndi kachidutswa kamene ndinabweza.

Ndinkadikira kuti alire chifukwa cha mwana wawo wodyeredwa. Koma atatsegula pakamwa, mkwiyo wawo unalunjika kwina.

"Iwe Felisita. Mkazi wa eni ake walambula manda a mwana wanga zaka khumi, wagula utoto, wakhala naye pa Pasaka pamene ine amake ndili kuno. Iwe wapita kukamutcha mfiti?"

"Amama, mwambo wathu..."

"Mwambo wathu uti? Wokana chakudya cha munthu amene anakuikira m'bale wako? Pamaliro ukakana kudya, ukuti eni ake ndi otani? Kumanda kwathu sitidya, inde. Kodi kuja kunali kumanda kwathu?"

Amama anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo nkhope yawo inamasuka mwa mtundu umene ndinali ndisanauone chichokereni Gerevazio.

"Ndiye kuti anamuika ngati munthu," anatero, akuyankhula okha. "Ali ndi amake kumeneko." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Lamulungu ndikapereka Misa yomupempherera mayi ameneyo. Dzina lake ndani?"

Ndinatsegula kabuku kanga, ngakhale ndinkadziwa kale. Masamba makumi asanu ndi limodzi, ana inu. Mayina a matchalitchi, mayina a mitsinje, dzina la mtundu uliwonse wa vinyo. Ndinatembenuza mpaka kumapeto, Amama akudikira.

"Sindinafunse," ndinatero.

Anandiyang'ana, anayang'ana kabukuko, n'kuyambanso kuswa nsawa. Lamulungu lotsatira ndinawaperekeza ku tchalitchi pa njinga ya mnansi. Mkulu wa mpingo powerenga zopempha anaima pang'ono, anayandikitsa kapepala kumaso, n'kuwerenga monga Amama anamuuzira: "Tipempherere mayi wa ku Ulaya amene amalambula kwa Gerevazio. Dzina lake Mulungu akulidziwa, popeza amene tinamutuma sanafunse."

Mpingo wonse unacheukira kwa ine.